"WAKO NI WAKO": MAWU OYENERA KUTSALA KUNJA KWA SITOLO

Mvula ikakata, madzi a m'madambo n'kuyamba kuphwa, boma la Chama limadzuka. Mpunga umakololedwa, kupunthidwa ndi kulongedwa m'matumba, ndipo malole amene anasowa dzinja lonse amayambanso kutsetsereka m'chigwa cha Luangwa kuchokera ku Lundazi ndi ku Chipata. Mpunga wa ku Chama ndi wotchuka m'Zambia monse chifukwa cha fungo lake, kotero kuti ngakhale ku Lusaka mayi akaufuna pamsika amangotchula dzina la bomali. Nyengo imeneyi ndalama zimayenda. Zigayo zimalira mpaka usiku, masitolo amadzaza ndi katundu, nyumba zogona alendo zimachepa, ndipo aliyense amene ali ndi kabizinesi amayamba kufuna womuthandiza.

Eni mabizinesi amenewa si alendo kwa ife. Ambiri mwa iwo ndi akhristu anzathu amene timapemphera nawo Lamulungu lililonse. Ena ndi atsogoleri a miphakati, ena ali m'bungwe la parishi. Sali ndi makampani aakulu ngati a ku migodi, koma aliyense wa iwo amalemba ntchito anthu awiri, asanu kapena khumi. M'dera limene ntchito yolipidwa pa mwezi ndi yosowa chotere, munthu amene ali ndi mphamvu yolemba ndi kuchotsa anzake ntchito wagwira chakudya cha mabanja angapo m'dzanja lake. Kodi mphamvu imeneyi amaigwiritsa ntchito motani?

Tiyerekeze bambo wina amene ali ndi chigayo chopunthira mpunga pa Boma. Akufuna kalaliki woyeza matumba pa sikelo ndi kulemba m'buku. Pabwera anthu awiri. Woyamba ndi mtsikana amene anamaliza Giredi 12 ndipo masamu amawadziwa bwino, koma kwawo ndi kum'mwera kwa dziko lino. Bambo ake anatumizidwa kuno kudzaphunzitsa, ndipo Chisenga cha mtsikanayo n'chothyokathyoka. Wachiwiri ndi mphwake wa mwini chigayo, mnyamata amene analekeza sukulu mu Giredi 9. Madzulo ake amayi a mnyamatayo afika atanyamula nkhuku, nakhala pansi n'kunena kuti: "Alongo anga, mwanayu ndi wanu. Mukamusiya inu, adzamutola ndani?"

M'mawa mwake mtsikana uja auzidwa kuti malo adzaza. Palibe amene wamunyoza, palibe amene wamukalipira, ndipo pamudzi palibe amene akudabwa. Anthu angogwedeza mutu nati: "Wako ni wako."

CHOONADI CHIMENE CHILI M'MAWUWA

Owerenga okondedwa, tisafulumire kuweruza bambo wa chigayoyu. Mawu akuti "wako ni wako" sanabadwe opanda chifukwa. Makolo athu anaphunzitsa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Kumene kulibe penshoni, kulibe inshuwalansi, ndipo njovu zikhoza kutha munda wonse usiku umodzi, banja ndilo nkhokwe ya munthu. Mwina bambo uja anaphunzira sukulu ndi ndalama za mpunga wa mlongo wake yemweyo. Ndipo Malembo Oyera nawonso salola kuti mkhristu ataye abale ake: Paulo Woyera, polembera Timoteo, amadzudzula mwamphamvu munthu wosasamalira a pabanja pake.

Choncho kuthandiza mbale si tchimo ayi. Vuto limabuka pamene thandizo limene tipereka kwa mbale talichotsa m'kamwa mwa munthu wina amene linali loyenera iye. Bambo uja akatenga ndalama za m'thumba mwake n'kulipirira mphwake sukulu, wapereka chake. Koma akalengeza kuti akufuna kalaliki wodziwa masamu, anthu n'kubwera ndi chikhulupiriro chakuti adzayesedwa pa masamu, kenaka iye n'kusankha poyang'ana mtundu, chilankhulo kapena magazi, pamenepo wapereka chimene sichinali chake chokha. Wolipira mtengo wa chifundo chake ndi mtsikana uja, amene sanafunsidwe n'komwe.

Chimenechi ndicho tsankho la pa ntchito. Ndiko kuchitira munthu mosiyana ndi anzake, pomulemba ntchito, pomulipira, pomukweza kapena pomuchotsa, chifukwa cha chinthu chimene sichikhudzana ndi ntchitoyo.

ZENERA LA KUMBALI

Ife a m'dziko lino sitifunika kuuzidwa ndi alendo kuwawa kwa tsankho. M'nthawi ya atsamunda, pamene dzikoli linkatchedwa Northern Rhodesia, amuna ochokera m'midzi yathu ankayenda maulendo ataliatali kukagwira ntchito ku migodi ya kopa. Kumeneko anapeza kuti ntchito zaluso ndi za malipiro abwino zinali zosungidwira Azungu, ndipo munthu wakuda, ngakhale adziwe ntchito chotani, anali ndi malire amene sakanatha kuwadumpha. Mu 1940 ogwira ntchito ku migodi ananyanyala, ndipo ku Nkana asilikali anawombera khamu la anthu, anthu 17 n'kutaya miyoyo yawo. Mu 1949 anthu akuda a ku migodi anakhazikitsa bungwe lawo motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo imodzi mwa nkhondo zake zazikulu inali yothyola malire amenewa.

M'matauni, masitolo ndi mabutchala ambiri sankalola munthu wakuda kulowera pakhomo. Ankagulira pa kazenera ka kumbali, atayima pa dzuwa, osaona n'komwe nyama imene akumuwezera. Mu 1954 chipani cha African National Congress, chotsogozedwa ndi Harry Nkumbula, chinauza anthu kuti aleke kugula m'mabutchala otere ku Lusaka. Anthu aja sanali kulimbana ndi lamulo la boma lokha. Anali kulimbana ndi khalidwe la eni masitolo.

Pa 24 Okutobala 1964 tinalandira ufulu, ndipo kazenera kaja kanatsekedwa. Koma tidzifunse moona mtima: kodi sitinatsegule timazenera tina ting'onoting'ono m'masitolo athu? Mwini sitolo amene amati "ine sindilemba Mbemba," kapena "Mtumbuka sindimukhulupirira pa ndalama," kapena "wa chipani chakuti asaponde pano," akuchita zomwe zija zimene agogo ake analira nazo. Chasintha ndi khungu la munthu woyima kumbuyo kwa kauntala.

CHAMA, BOMA LA ZIGAWO ZIWIRI

Anthu a ku Chama ali ndi chifukwa chapadera chosakhulupirira kwambiri maina amene anthu amapatsana. Kwa zaka zambiri bomali linali m'chigawo cha Kum'mawa. Mu 2011 Pulezidenti Michael Sata anakhazikitsa chigawo chatsopano cha Muchinga, likulu lake ku Chinsali, ndipo Chama inaikidwa m'menemo. Mu 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema anaibwezeranso ku chigawo cha Kum'mawa. M'zaka khumi zokha munthu yemweyo, wolima dambo lomwelo, pansi pa mfumu yomweyo, anali wa kum'mawa, nakhala wa ku Muchinga, nakhalanso wa kum'mawa. Nzeru zake, kukhulupirika kwake ndi mphamvu za manja ake sizinasinthe ndi kamodzi komwe.

Ndiponso mbiri imene makolo a Asenga amasimba imanena kuti mafumu awo anachokera kumadzulo, kutsidya kwa Luangwa, nadzapeza anthu olankhula Chitumbuka m'chigwachi, nakwatirana nawo n'kutengera chilankhulo chawo. Ngati zili choncho, mtundu umene umasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Kwenje kwa Mfumu Yaikulu Kambombo unabadwa pamene eni dziko ndi alendo analandirana. Lero pa Boma pali aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi amalonda ochokera m'zigawo zonse, komanso ena ochokera ku Malawi, kumene bomali limachita nako malire. Ana awo akukulira kuno ndipo akufuna ntchito kuno. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ndipo okalamba a m'chigwachi akudziwa kumene magawano amafikitsa anthu. Amakumbukira chaka cha 1964, pamene mkangano wa pakati pa otsatira mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ndi a chipani cha UNIP pamodzi ndi boma unaphetsa anthu mazanamazana m'maboma a Chinsali ndi Lundazi. Moto waukulu chotere umayamba ndi timoto ting'onoting'ono: uyu sitigula kwa iye, uyu sitimulemba ntchito, uyu si wathu. N'chifukwa chake Mkatolika amene amalemba Akatolika okhaokha m'sitolo yake asaganize kuti akutumikira Eklezia. Msonkhano Waukulu wa Vatican II, m'chikalata chake chotchedwa Gaudium et Spes cha mu 1965, unaphunzitsa kuti tsankho la mtundu uliwonse pa maufulu a munthu, kaya chifukwa chakuti ndi mkazi kapena mwamuna, kaya chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo kapena chipembedzo, n'losemphana ndi cholinga cha Mulungu ndipo liyenera kuthetsedwa.

LAMULO LA DZIKO LIKUTI CHIYANI?

Eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amaganiza kuti malamulo a ntchito analembedwera migodi ndi mabanki. Si choncho. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lotchedwa Employment Code Act, limene linasonkhanitsa pamodzi malamulo angapo akale a za ntchito. Ndime 5 ya lamuloli imalamula wolemba ntchito kupereka mwayi wofanana kwa onse, ndipo imamuletsa kusankha wantchito kapena wofuna ntchito chifukwa cha khungu, dziko, mtundu, kumene anachokera, chilankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, kukhala mkazi kapena mwamuna, pathupi, kukhala pabanja kapena ayi, kulumala ndi thanzi. Chiletsochi chimakhudza njira yonse: polemba ntchito, pophunzitsa, pokweza, pa malipiro ndi pochotsa. Lamuloli limanenanso kuti ntchito yofanana phindu lake iyenera kulandira malipiro ofanana.

Tizindikire kuti lamulo limaletsa tsankho loonekera ndi lobisika lomwe. Loonekera ndi lija lakuti "akazi sitiwafuna." Lobisika ndi lija loika chofunika chimene chimaoneka ngati n'cha onse, koma kwenikweni chikutsekera gulu lina popanda chifukwa. Wogulitsa m'sitolo ya kumudzi ayeneradi kumvana ndi agogo amene amalankhula Chisenga chokha. Pamenepo chilankhulo ndi mbali ya ntchito. Koma wonyamula matumba kapena mlonda wa usiku safunika mayeso a chilankhulo, ndipo kumufunsa zimenezo ndi njira chabe yofunsira mtundu wake.

Wantchito amene walakwiridwa akhoza kukadandaula kwa mkulu woona za ntchito wa boma, ku bungwe la Human Rights Commission, kapena ku nthambi ya High Court yoweruza milandu ya ntchito. N'zoona kuti kuchokera kwa Chifunda kapena kwa Chikwa, makamaka m'dzinja, maofesi amenewa ali kutali, ndipo wantchito wosauka kawirikawiri amangolira n'kubwerera kumunda. Koma kutalika kwa bwalo la milandu sikuchepetsa mlandu. Kalata ya Yakobe, pa mutu 5, imachenjeza kuti malipiro amene amanidwa kwa okolola m'minda amafuula, ndipo Wam'mwambamwamba amamva.

AMAYI PA NTCHITO

Tsankho limene talizolowera kwambiri, kufikira posalionanso, ndi lochitira amayi. M'madambo a Chama amayi ndiwo ambiri mwa ookera, opalira ndi okolola mpunga, koma mpungawo ukafika pa chigayo, sikelo ndi buku la ndalama kawirikawiri zimakhala m'manja mwa amuna. Mtsikana wofuna ntchito amafunsidwa mafunso amene mnyamata safunsidwa: "Uli pabanja? Ukwatiwa liti? Nanga ukakhala ndi pakati?" Ndipo akakhaladi ndi pathupi, ena amangomuuza kuti akapume, osamuitananso.

Lamulo la 2019 limapatsa mayi wantchito masabata 14 a tchuthi cha uchembere, ndipo amene wagwira ntchito zaka ziwiri zosalekeza kwa bwana mmodzi amalandira malipiro ake onse pa nthawiyo. Kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha pathupi n'koletsedwa. Lamulo limapatsanso mayi aliyense wantchito tsiku limodzi pa mwezi lopuma popanda kufotokoza chifukwa, limene anthu amalitcha Mother's Day, ndipo bambo amene mkazi wake wabereka ali ndi masiku ake ochepa a tchuthi.

Tisanamizane, kwa mwini kasitolo ka antchito atatu, kulipira munthu masabata 14 asakugwira ntchito n'kolemera. Koma mimba siibwera ngati mphenzi. Imapereka miyezi yokonzekera. Wamalonda wanzeru amaika padera kandalama mwezi ndi mwezi, monga amachitira pokonzekera kuwonongeka kwa injini ya chigayo, ndipo amapeza wogwirizira kwa kanthawi. Ife Akatolika timalalika kuti moyo wa mwana wosabadwa ndi wopatulika. Tidzaima bwanji pamaso pa Mulungu ngati mtsikana aopa kusunga mimba yake chifukwa bwana wake, amene ndi mkulu wa mpingo, adzamuchotsa ntchito? Papa John Paul II, amene anayendera Zambia mu 1989, analemba m'kalata yake Laborem Exercens ya mu 1981 kuti ntchito iyenera kukonzedwa mwakuti mayi asalipire kupita patsogolo kwake potaya udindo wake wa m'banja.

Palinso choipa china chimene timachinong'ona koma sitichitchula poyera: bwana wofuna kuti mtsikana alipire ntchito ndi thupi lake. Ameneyu waphwanya lamulo la dziko ndi la Mulungu nthawi imodzi, ndipo mkazi wake, antchito anzake ndi a mphakati amene akudziwa n'kukhala chete ali ndi gawo lawo pa mlanduwo.

ODWALA NDI OLUMALA

Mu 2010 High Court ya ku Livingstone inagamula mlandu umene wolemba ntchito aliyense ayenera kuudziwa. Amuna awiri amene ankagwira ntchito m'gulu lankhondo la Zambia Air Force anadandaula kuti anapimidwa kachilombo ka HIV osauzidwa ndi osavomera, ndipo pambuyo pake anachotsedwa ntchito. Bwalo silinapeze kuti anachotsedwa chifukwa cha kachilomboko, koma linagamula kuti kupima munthu popanda chilolezo chake n'kumuphwanyira ufulu wosunga zinsinsi zake ndi kumuchotsera ulemu, ndipo linalamula kuti aliyense wa iwo apatsidwe K10 miliyoni ya ndalama zakale. Ngati gulu lankhondo la boma lilibe ufulu umenewu, mwini lesitilanti kapena nyumba yogona alendo sangakhale nawo.

Komabe kumidzi kulibe amene amapima magazi a wantchito. Timapima ndi maso ndi mphekesera. Wina waonda, wina waoneka pa mzere ku chipatala, mawa lake auzidwa kuti makasitomala akudandaula. Pamene masiku ano munthu womwa mankhwala a ARV mokhulupirika amagwira ntchito zaka zambirimbiri monga wina aliyense, ndipo kachilomboka sikafala pogwirana chanza, pophika kapena popereka chenje. Chimene wantchito wotere amafuna kwa bwana wake ndi zinthu ziwiri zokha: tsiku lopita kukatenga mankhwala, ndi pakamwa potseka.

Chimodzimodzinso olumala. Dziko lathu lili ndi lamulo la Persons with Disabilities Act la mu 2012, limene limaletsa kuwasala pa ntchito. Mnyamata woyendera ndodo sanganyamule thumba la makilogalamu 50, koma akhoza kusunga buku la ngongole bwino kuposa tonsefe. Wosamva akhoza kusoka kapena kupala matabwa. Mtsikana wachialubino akhoza kugulitsa m'sitolo ngati apatsidwa malo a mthunzi ndi kuwala kokwanira kowerengera. Funso loyenera si lakuti "ali ndi chilema chanji," koma lakuti "ntchito iyi ifuna chiyani, ndipo iye angaichite?"

CHIMBUYA CHILI NDI MALIRE AKE

M'Zambia tili ndi mwambo wokoma wa chimbuya, makamaka pakati pa a kum'mawa ndi Abemba. Timanyozana mosekerera pa maliro, pa ukwati ndi m'basi, ndipo mwambowu wathandiza kuziziritsa mitima imene kale inali pa nkhondo. Koma chimbuya chimakoma chifukwa onse awiri ali ndi ufulu wobwezera. Bwana akamaseka wantchito wake tsiku ndi tsiku za mtundu wake, za zakudya za kwawo kapena za kalankhulidwe kake, wantchitoyo amaseka nawo chifukwa akuopa kutaya ntchito. Pamenepo sipalinso chimbuya. Mwini bizinesi ayese nthabwala zake ndi muyeso uwu: kodi mnyamatayu akandibwezera mawu omwewa pamaso pa makasitomala, ndidzaseka?

ZIMENE ATUMWI ANACHITA

Mpingo woyamba nawonso unakumana ndi "wako ni wako." Buku la Ntchito za Atumwi, pa mutu 6, limasimba kuti ku Yerusalemu akhristu olankhula Chigriki anadandaula kuti amasiye awo ankaiwalidwa pa kugawa chakudya kwa tsiku ndi tsiku, pamene amasiye a olankhula Chihebri ankalandira. Atumwi sanakane, sanati odandaulawo ndi oyambitsa magawano, ndipo sanangolalikira za chikondi n'kusiya zinthu momwemo. Anaitana gulu lonse, nanena poyera makhalidwe ofunika pa ntchitoyo, nasiyira anthu kusankha amuna asanu ndi awiri. Maina onse asanu ndi awiri ndi a Chigriki. Atumwi anachiza tsankho posintha kayendetsedwe ka ntchito.

Mwini bizinesi angatengerepo phunziro lomweli. Mtima wabwino wokha sukwanira, chifukwa mtima umakonda wake ngakhale mwini wake asakudziwa. Pafunika njira zimene zimagwira dzanja la bwana pamene mtima wake wayamba kupendekera.

Choyamba, malo a ntchito akapezeka, alengezedwe poyera: pa chitseko cha sitolo, pamsika, m'zolengeza za ku tchalitchi. Ntchito yonong'onezana imathera m'banja.

Chachiwiri, musanaone nkhope ya wofunsira aliyense, lembani pa pepala zinthu zitatu kapena zinayi zimene ntchitoyo ifuna. Kenaka onse ayesedwe mofanana: ayeze thumba lomwelo pa sikelo, awonkhetse masamu omwewo, ayankhe mafunso omwewo. Za mtundu, mpingo, chipani, ukwati ndi matenda musafunse.

Chachitatu, musasankhe nokha. Itanani munthu wina wokhulupirika amene si mbale wanu akhale nanu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu ameneyu adzakhalanso mboni yanu achibale akadzafunsa.

Chachinayi, pangano lilembedwe, ndipo pakhale buku la malipiro limene wantchito amasainamo. Boma limaika malipiro otsikitsitsa a ogwira ntchito m'masitolo ndi m'nyumba, ndipo limawasintha nthawi ndi nthawi. Funsani ku ofesi yoona za ntchito kuti mudziwe amene alipo. Awiri ogwira ntchito imodzi alandire mofanana, kaya wina ndi mkazi, kaya ndi wochokera kutsidya kwa malire amene sadziwa kodandaula.

Chachisanu, chilango chikhale chimodzi kwa onse. Ngati mlendo achotsedwa chifukwa cha K50 yosowa, pamene mphwanu akhululukidwa pa K500, antchito onse aona, ndipo kukhulupirika kwawo kwathera pomwepo. Lamulo limafuna kuti pochotsa munthu pakhale chifukwa chomveka, ndipo woimbidwa mlandu apatsidwe mpata woyankhapo.

Chachisanu ndi chimodzi, wantchito adziwe kumene angadandaule popanda mantha. M'bizinesi yaing'ono bwana ndiye woweruza, ndipo nthawi zina ndiye wolakwa. Choncho n'kwanzeru kugwirizana pasadakhale za munthu wachitatu, monga wa komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya pa parishi kapena mkulu wina wolemekezeka, amene mbali zonse zingamumvere.

NANGA MPHWAKE UJA?

Tibwerere kwa bambo wa chigayo, pakuti mlongo wake akadali pakhonde ndi nkhuku yake. Chilungamo chili ndi mtengo wake, ndipo bamboyu akasankha mtsikana uja adzaulipira. Adzatchedwa wonyada, woiwala kumene anachokera. Pa maliro ena adzamuyang'ana ndi diso lofiira, ndipo mwina padzamveka ndi manong'onong'o akuti chuma chake si chabwino, n'chifukwa chake akuthawa abale. Zimenezi n'zowawa, ndipo amene sanaziyese asazipeputse.

Komabe akhoza kuyankha mlongo wake osamutaya. Akhoza kunena kuti: "Alongo anga, mwanayu ndi wangadi, ndipo sindimusiya. Koma buku la ndalama lifuna masamu amene iye sanafikepo. Ndikamuika pamenepo adzalakwitsa, alimi adzati tikuwabera pa sikelo, ine ndi inu tidzadana, chigayo n'kugwa. Ndilipira kuti abwerere ku sukulu, kapena aphunzire kukonza injini. Akadziwa, adzalowa pa khomo lomwe alowera anzake."

Yankho limeneli ndi la chikondi chozama kuposa kumupatsa mpando umene sangaukwanitse. Tonse taonapo masitolo amene anayamba bwino koma anatha chifukwa chakuti wogulitsa anali mbale amene sakanatheka kudzudzulidwa, katundu n'kumatuluka pa ngongole zosabwezedwa, mwini wake n'kumaopa kufunsa kuti chibale chingathe. Pamapeto pake sitolo inatha, chibale chomwecho n'kutha. Mbale angathe kugwira ntchito m'bizinesi ya mbale wake, ndipo ambiri amagwira mokhulupirika. Chofunika n'chakuti alowe chifukwa akuitha ntchitoyo, ndipo atsate malamulo amene anzake akutsata.

Lamulungu likudzali, pa nthawi ya Komunyo, tayang'anani mzere wa anthu opita ku guwa. Msenga ali kumbuyo kwa Mtonga, mwini malole ali kumbuyo kwa wonyamula matumba, mayi wapakati, mnyamata wa ndodo ndi womwa mankhwala onse akutambasula manja mofanana, ndipo wansembe safunsa aliyense kwawo. Lolemba m'mawa ambiri mwa anthu omwewo adzaima pa khomo la sitolo yanu kufunsa ntchito. Pa msonkhano wa mphakati wa mwezi uno, eni mabizinesi ndi antchito awo akhale pansi pamodzi, awerenge mutu 6 wa Ntchito za Atumwi, ndipo afunsane mosabisa kuti m'masitolo, m'zigayo ndi m'makomo mwathu, amasiye oiwalidwa pogawa ndi ati.